Mafunso Anu: Kusankha Kamakina ka M'manja ka Magemu Akale

Makalata ambiri amene afika mwezi uno akufunsa za timakina ta m'manja tosewerera magemu akale, tomwe m'zaka zochepa zapitazi tachuluka kwambiri ndipo tatsika mtengo. Ndasankhapo makalata asanu ndi limodzi, ndipo ena ndawafupikitsa kuti malo akwane.

FUNSO: Zikomo alangizi. Ndili mnyamata ndinkasewera magemu a Nintendo ndi a Sega pa TV, ndipo tsopano ndikufuna kamakina ka m'manja kosaboola m'thumba kuti ndiziwaseweranso ndikaweruka kuntchito. Ndikafufuza pa intaneti ndikuona mayina ambirimbiri, monga Miyoo, Anbernic, Powkiddy, Trimui ndi R36S, ndipo aliyense akutamanda kake. Kodi ndiyambire pati? Ndine bambo wa zaka 41.

YANKHO: Bambo, musayambire pa mayina a makampaniwo. Tengani pepala mulembepo magemu asanu amene mukudziwa mumtima mwanu kuti mudzawaseweradi, ndipo pambali pa gemu iliyonse mulembe makina amene gemuyo inatulukirapo. Pepala limeneli ndi limene likusankhireni kamakina, pakuti anthu ambiri amene amanong'oneza bondo atagula amakhala kuti anayamba ndi kufunsa kuti kamphamvu kwambiri ndi kati, pamene funso loyenera linali lakuti adzasewerapo chiyani.

Timakina tonseti ndi timakompyuta ting'onoting'ono, ndipo tambiri totsika mtengo timayendera pulogalamu yoyendetsa makompyuta yotchedwa Linux. Magemu akale timawasewera kudzera m'mapulogalamu otchedwa emulator, amene ntchito yake ndi kutsanzira mmene makina akale aja ankawerengera, kujambulira zithunzi ndi kutulutsira mawu, mpaka gemu imayenda ngati ili pa makina ake enieni. Makina akakhala akale kwambiri, ntchito yowatsanzira imapepukanso. Famicom ya Nintendo, imene kunja kwa Japan inadziwika ndi dzina loti NES, inatuluka mu 1983. Mega Drive ya Sega inatuluka mu 1988, Game Boy mu 1989, Super Famicom (imene kunja kwa Japan ndi Super Nintendo) mu 1990, PlayStation yoyamba mu 1994, ndipo Game Boy Advance mu 2001. Magemu a makina onsewa amayenda bwino pa pafupifupi kamakina kalikonse mwa timene mwatchulato. Miyoo Mini Plus ili ndi RAM (malo osungira zimene makina akugwirira ntchito pa nthawiyo) ya 128 MB yokha, imene ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya foni iliyonse ya masiku ano, komabe imasewera magemu ambiri a PlayStation popanda kudodoma. Timakina ta Anbernic ta m'banja la RG35XX Plus, RG35XX H ndi RG40XX tili ndi purosesa imodzimodzi ya Allwinner H700 ndi RAM ya 1 GB, pamene R36S ili ndi Rockchip RK3326. Kwa inu amene mukufuna za Nintendo ndi Sega za nthawi imeneyo, kusiyana kwa mapurosesa amenewa simudzakumva n'komwe.

Chimene mudzachimve tsiku lililonse ndi sikirini, makamaka kaonekedwe kake. Magemu a pa TV zakale anakonzedwera chithunzi cha muyeso wa 4:3, ndipo n'chifukwa chake timakina tambiri tili ndi sikirini ya mainchesi 3.5 yokhala ndi timadontho 640 m'lifupi ndi 480 chokwera. Pa sikirini yotere magemu anu a NES, Mega Drive, Super Nintendo ndi PlayStation amadzaza pafupifupi malo onse. Mukagula kamakina ka sikirini yotambalala ngati ya TV zamakono, monga Trimui Smart Pro ya timadontho 1280 ndi 720, magemu omwewo amakhala pakati ndi mizere yakuda uku ndi uku, kotero kuti mbali ina ya sikirini imene mwalipirayo imangokhala. Ena amatambasula chithunzi kuti chidzaze, koma zotsatira zake n'zakuti zinthu zozungulira zimaoneka zophwatalala ndipo anthu a m'gemu amanenepa, zomwe ine sindingathe kuziyang'ana ngakhale kwa mphindi zisanu.

Nkhani imasintha ngati pepala lanu ladzaza ndi magemu a makina a m'manja. Game Boy Advance inali ndi timadontho 240 ndi 160, omwe ndi muyeso wa 3:2. Kuti chithunzi chake chioneke chosalala, kadontho kalikonse ka gemu kayenera kukulitsidwa mofanana ndi kanzake, kawiri kapena katatu ndendende. Pa sikirini ya 640 ndi 480, kukulitsa kawiri kumasiya chithunzi chaching'ono pakati, pamene kukulitsa katatu sikukwana, choncho pulogalamu imakulitsa timadontho tina kuposa tinzake kapena kutisakaniza, ndipo zilembo zimaoneka zosalongosoka pang'ono. Anbernic RG34XX inapangidwa ndi sikirini ya 720 ndi 480 pa chifukwa chimenechi, chifukwa muyeso umenewu ndi katatu ndendende ka Game Boy Advance. Game Boy yoyamba, ya timadontho 160 ndi 144, inali pafupifupi yofanana mbali zonse, ndipo imakhala bwino pa sikirini ya 720 ndi 720 ngati ya Powkiddy RGB30.

Kenaka ganizirani manja anu. Pali timakina toimirira, sikirini pamwamba mabatani pansi, ndipo pali togona, sikirini pakati mabatani m'mbali. Toimirira timalowa bwino m'thumba ndipo timakumbutsa Game Boy, koma munthu wamanja akuluakulu zala zimamupweteka pakatha ola limodzi, makamaka pa magemu ofuna mabatani a L ndi R, omwe pa timakina totere amakhala kumbuyo pamalo opanikizika. Batani lamtanda loyendetsera ndi limene muyenera kulifufuza kwambiri mukamawerenga zimene ena alemba, chifukwa likakhala losakonzedwa bwino, mumakanikiza kumanja ilo n'kuwerenganso kuti mwakanikiza pansi, ndipo pa Tetris kapena gemu yomenyana zimenezi zimakugonjetsani popanda kulakwa kwanu. Timitengo towongolera tija, totchedwa analog stick, musatidere nkhawa. Ngakhale PlayStation inayamba popanda timeneti, ndipo chowongolera cha DualShock, chokhala ndi timitengoti, chinabwera mu 1997, kotero kuti magemu ambiri a makinawo amaseweredwa bwinobwino ndi batani lamtanda.

Mukadandifunsa pamaso kuti nditchule kamodzi, ndikadati mutenge kogona ka sikirini ya 4:3 ka m'banja la H700, ndipo popeza mwatchula zaka zanu, ndikadakonda ka mainchesi 4 kuposa ka 3.5, chifukwa zilembo za magemu akale zinalembedwera TV osati chikhatho. Ngati chofunika kwa inu n'chakuti kazilowa m'thumba la malaya, Miyoo Mini Plus ndi yabwino. R36S imakopa chifukwa chotsika mtengo kwambiri, koma pali timakina tambiri tongotengera dzina ndi maonekedwe ake pamene m'kati muli zipangizo zina, ndipo munthu woyamba kumene sangathe kusiyanitsa poyang'ana chithunzi cha wogulitsa.

FUNSO: Ndaona kamakina kamene wogulitsa akuti kali kale ndi magemu opitirira 15,000, ndipo kena kofanana nako kali ndi ochepa koma mtengo wake ndi wotsikirapo. Kodi si nzeru kuwonjezera ndalama kuti ndipeze magemu ambiri? Ndine wophunzira wa kukoleji.

YANKHO: Ayi, si nzeru, ndipo nambala imeneyo ndi chinthu chomaliza chimene muyenera kuchiyang'ana. Mndandanda wotere umatalika chifukwa gemu imodzi imalembedwa kangapo, ina ya ku Japan, ina ya ku America, ina ya ku Ulaya, kuphatikizapo zimene anthu anazisintha pang'ono n'kuzipatsa mayina atsopano. Ambiri amakhala m'Chijapanizi, ena satseguka n'komwe, ndipo nthawi zambiri gemu imene inu mukuifunayo ndi imene imasowa. Munthu amene ali ndi magemu masauzande amatha madzulo onse akungoyendayenda pa mndandanda, kutsegula iyi kwa mphindi ziwiri, kuitseka, kutsegula ina, mpaka tulo.

Vuto lalikulu lili pa khadi la microSD limene magemuwo amabwerapo. Makhadi obwera ndi timakina totsika mtengo kawirikawiri amakhala opanda dzina la kampani ndipo amafa msanga. Pa timakina tambiri, khadi limenelo ndi limene limasunganso pulogalamu yonse yoyendetsa kamakinako, choncho likafa kamakina sikayaka, ndipo zonse zimene munaseva zimapita nalo limodzi. Ndalama imene mukufuna kuwonjezerayo muigwiritse ntchito pogula khadi lodalirika la kampani yodziwika, monga SanDisk kapena Samsung, kwa wogulitsa wokhulupirika, pakuti makhadi achinyengo olembedwa mayina omwewa aliponso ambiri. Khadi lachinyengo limauza kompyuta kuti ndi lalikulu pamene malo ake enieni ndi ochepa, ndipo likadzaza limayamba kufufuta zakale mwakachetechete. Pulogalamu yaulere ya H2testw imalemba pa khadi lonse n'kuwerenganso, ndipo imaulula chinyengo chimenechi musanaikepo chilichonse. Tsiku limene kamakina kafika, koperani zonse za pa khadi lake n'kuzisunga pa kompyuta musanasewere ngakhale gemu imodzi.

Simufunikanso khadi lalikulu kwambiri. Super Mario Bros. ya mu 1985 ndi ya 40 KB yokha, gemu yaikulu kwambiri ya Super Nintendo ndi ya 6 MB, ndipo ya Game Boy Advance siposa 32 MB. Amene amadya malo ndi a PlayStation, chifukwa ankabwera pa ma CD otha kusunga pafupifupi 700 MB iliyonse. Khadi la 64 GB limakwanira munthu amene amasankha magemu ake.

Pali mbali ina imene ogulitsa saitchula. Emulator payokha ndi pulogalamu ngati ina iliyonse, ndipo mu 2000 khoti la apilo ku America linaweruza mokomera kampani ya Connectix pa mlandu umene Sony inaisumira chifukwa cha pulogalamu yotsanzira PlayStation. Magemu enieniwo ndi nkhani ina: ali ndi eni ake, umwini wake umatetezedwa ndi malamulo kwa zaka zambirimbiri, ndipo wogulitsa amene wadzaza khadi ndi magemu masauzande amakhala kuti sanapemphe chilolezo kwa aliyense. Malamulo okhudza kukopera gemu imene munagula nokha amasiyana dziko ndi dziko, koma njira imeneyi ndi yoyera kuposa kutenga za pa khadi la wogulitsa. Pali zipangizo monga GB Operator zimene zimawerenga makatiriji (timabokosi tomwe magemu ankabweramo) a Game Boy n'kusunga gemuyo pa kompyuta. Palinso magemu atsopano amene anthu akupangira makina akale mpaka lero, ambiri pogwiritsa ntchito pulogalamu yopangira magemu a Game Boy yotchedwa GB Studio, ndipo eni ake amawagawa kwaulere kapena kuwagulitsa okha. Ena mwa amenewa ndi okoma kuposa theka la zimene zili pa mndandanda wa 15,000 uja.

FUNSO: Ine magemu amene ndinakulira ndi a PSP (PlayStation ya m'manja) ndi PlayStation 2, ndipo mchimwene wanga amakonda a Nintendo 64. Ogulitsa ambiri alemba kuti timakina tawo timasewera PSP ndi N64. Kodi tingagule kamodzi kotsika mtengo n'kumabwerekana?

YANKHO: Mawu akuti kamakina kamasewera PSP amatanthauza kuti emulator yake ilimo ndipo magemu ena amatseguka. Satanthauza kuti gemu yanu idzayenda bwino. Apa ndi pamene malire a timakina totsika mtengo ali. Pa mapurosesa monga H700 ndi Rockchip RK3566, magemu opepuka a Nintendo 64, Dreamcast ndi PSP amayenda ndithu, koma olemera amadodoma, mawu amadukaduka, ndipo pulogalamu imayamba kudumpha zithunzi zina kuti ithamange. Sega Saturn, ngakhale kuti inatuluka mu 1994 ngati PlayStation, ndi yovuta kwambiri kuitsanzira chifukwa inali ndi mapurosesa angapo ogwira ntchito nthawi imodzi, zomwe zikusonyeza kuti chaka chokha sichinena zonse.

Kwa inu palinso nkhani ya sikirini. PSP, imene inatuluka mu 2004, inali ndi sikirini yotambalala ya timadontho 480 ndi 272, ndipo pa kamakina ka 4:3 ka mainchesi 3.5 chithunzi chake chimasanduka kamzere kopyapyala kokhala ndi mdima pamwamba ndi pansi. Kwa achimwene anu vuto ndi mabatani: chowongolera cha Nintendo 64 chinali ndi analog stick ndi mabatani anayi a C kuwonjezera pa A ndi B, choncho kamakina kopanda timitengo tiwiri sikangawathandize.

PlayStation 2 ya mu 2000 ndi GameCube ya mu 2001 muzichotseretu pa maganizo ngati mukufuna zotsika mtengo. Zimenezi zimafuna timakina ta Android tamphamvu, monga Retroid Pocket 5 yokhala ndi Snapdragon 865, kapenanso kompyuta ya m'manja ya Steam Deck ya kampani ya Valve, ndipo mtengo wake ndi wowirikiza kangapo. Musanawononge ndalama, yesani foni imene muli nayo. Foni yapakatikati ya masiku ano ndi yamphamvu kuposa timakina tonse totsika mtengo tomwe ndatchula, emulator ya PSP yotchedwa PPSSPP imapezeka kwaulere, ndipo kuyambira mu 2024 Apple nayo inalola mapulogalamu otere pa App Store. Mukagula chowongolera cha Bluetooth kapena chopanira foni m'mbali, PSP mwaipeza. Choipa chake n'chakuti gemu imadya batire la foni ndipo munthu akaimba masewera amaduka, koma mudzadziwa ngati chilakolakocho ndi chenicheni musanagule kamakina kodula.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 8 amalanda foni yanga tsiku lililonse kuti asewere, ndipo magemu a pa foni amadzaza ndi zotsatsa malonda komanso amapempha ndalama. Mlamu wanga akuti ndimugulire kamakina ka magemu akale. Ine sindidziwa zambiri za makompyuta. Kodi n'koyenera mwana? Ndine mayi wa ana awiri.

YANKHO: Mayi, alamu anu akulangizani bwino, chifukwa magemu akale anagulitsidwa athunthu, alibe zotsatsa malonda, sapempha ndalama pakati pa masewera ndipo safuna intaneti. Komabe kamakinako musakapereke kwa mwana mmene kabwerera. Khadi lodzaza ndi magemu masauzande silinasankhidwe ndi munthu woganizira ana, ndipo m'katimo mumapezeka achiwawa ndi ena osayenera msinkhu wake. Pemphani alamu anuwo akonze khadi latsopano lokhala ndi magemu khumi kapena makumi awiri okha amene inu mwawaona. Mwana amene ali ndi magemu ochepa amalimbikira imodzi mpaka kuimaliza, ndipo m'menemo ndi mmene muli phindu la magemu amenewa.

Pa kapangidwe, kopinda ngati Anbernic RG35XX SP, kamene kanatengera Game Boy Advance SP ya mu 2003, kamateteza sikirini kakakhala m'chikwama, ngakhale kuti polumikizira pake sipachedwa kuguga ngati mwana akutsegula mwankhanza. Apempheninso aikemo pulogalamu yosavuta monga MinUI, imene imangoonetsa mndandanda wa magemu ndipo ilibe zosinthasintha zambiri zimene mwana angasokoneze. Wi-Fi muizimitse, chifukwa safunika. Kutchaja kukhale ntchito yanu, osati ya mwana, ndipo kamakinako kasamatchajidwe pabedi kapena pansi pa pilo.

Ngati palibe munthu woti akukonzereni zonsezi, pali njira ina yosafuna kompyuta. Kampani ya Blaze Entertainment ya ku United Kingdom inayamba mu 2020 kugulitsa Evercade, imene magemu ake amabwera pa makatiriji okhala ndi chilolezo cha eni ake, ndipo pambuyo pake kunabweranso Super Pocket, kamene ndi kakang'ono ndipo kamalandira makatiriji omwewo. Magemu a Nintendo simudzawapezamo, koma mwana amalowetsa katiriji n'kuyamba kusewera, ndipo inu mumadziwa chilichonse chimene chili m'manja mwake.

FUNSO: Ndinagula kamakina miyezi iwiri yapitayo. Ndikakalumikiza ku tchaja ya foni yanga, yomwe ndi yamphamvu komanso yatsopano, sikatchaja, koma ndi kachingwe kake kakafupi kamatchaja. Komanso sabata yatha ndinataya zonse zimene ndinaseva pa gemu imene ndinasewera kwa maola oposa makumi atatu. Kodi ndinagula chowonongeka?

YANKHO: Pa nkhani ya kutchaja, kamakina kanu n'kutheka kuti kali bwinobwino, ndipo zimene mwakumana nazo n'zofala. Tchaja yokhala ndi USB-C mbali zonse ziwiri situlutsa magetsi mpaka itazindikira kuti kwalumikizidwa chinthu, ndipo imazindikira kudzera mu tizipangizo tiwiri ting'onoting'ono totchedwa resistor timene timayenera kukhala m'kati mwa polowetsa chingwe. Opanga ena a zinthu zotsika mtengo amatisiya, choncho tchaja yamakono imangokhala chete ngati palibe chimene chalumikizidwa. Chingwe chimene mbali imodzi ndi USB-A, ija yaikulu yamakona anayi, chimapereka mavoti 5 nthawi zonse popanda kufunsa, ndipo n'chifukwa chake kachingwe kobwera ndi kamakinako kakugwira ntchito. Gwiritsani ntchito chingwe chotere ndi tchaja wamba ya mavoti 5, ndipo tchaja zothamanga muzisiyire foni. Mukadzaona kuti kumbuyo kwa kamakina kwayamba kutukumuka kapena kukutentha kwambiri potchaja, lekani kukagwiritsa ntchito, chifukwa batire la lithium lotupa likhoza kuyaka.

Za zimene munaseva, pepani kwambiri, maola makumi atatu si masewera. Pali njira ziwiri zosevera ndipo anthu ambiri amazisokoneza. Yoyamba ndi ya m'gemu momwemo, ija imene pa makina enieni inkasungidwa m'katiriji kapena pa memori khadi. Yachiwiri ndi save state, imene emulator imajambula zonse zimene zikuchitika pa mphindi imeneyo kuti mudzayambire pomwepo. Save state ndi yothandiza, koma imadalira emulator imene inaipanga, ndipo mukasintha pulogalamu kapena kuikamo yatsopano, nthawi zina yakaleyo imakana kutseguka. Njira ya m'gemu nayo ili ndi msampha wake: ma emulator ena amalemba zimene mwaseva pa khadi pokhapokha mukatuluka m'gemu mwadongosolo, kotero kuti mukazimitsa mokakamiza kapena batire likathera pakati, zimene munaseva tsiku limenelo sizifika pa khadi. Palinso ngozi yakuti mukatsegula save state yakale, imabweza m'mbuyo ngakhale zimene munaseva m'gemu.

Simunandiuze ngati mukugwiritsabe ntchito khadi lobwera ndi kamakinako, koma ngati ndi choncho, ndilo loyamba kulikayikira. Lichotseni, muliike pa kompyuta, mufufuze foda ya zosevedwa, chifukwa nthawi zina fayilo imakhala ilipo koma dzina la gemu linasintha ndipo ziwirizo sizikugwirizananso. Kuyambira pano muziseva njira zonse ziwiri, muzituluka m'gemu musanazimitse, ndipo kamodzi pa mwezi muzikopera foda imeneyo ku kompyuta. Mukamakonza khadi latsopano, ganiziraninso zoikapo pulogalamu yokonzedwa ndi anthu odzipereka, monga OnionOS pa Miyoo, muOS kapena Knulli pa timakina ta H700, ndi ArkOS pa ta Rockchip, chifukwa zimenezi zimasunga mafayilo mwadongosolo ndipo zina zimaseva zokha mukamazimitsa. Ndipotu musanagule kamakina kalikonse, ndi bwino kuona kaye ngati kali ndi pulogalamu yotere, chifukwa kampani ikasiya kukasamala, anthu amenewa ndi amene amapitiriza kukonza zolakwika.

FUNSO: Ndaika Sonic the Hedgehog pa kamakina kanga katsopano, koma ikuthamanga kwambiri kuposa mmene ndikuikumbukira, ndipo nyimbo zake zikufulumira. Zithunzinso zikuoneka zamakonamakona. Kodi kamakinaka kali ndi vuto, kapena ndi ukalamba wanga?

YANKHO: Si kamakina ndipo si ukalamba. TV zakale zinali za mitundu iwiri ikuluikulu: za NTSC, monga za ku America ndi Japan, zinkasintha chithunzi ka 60 pa sekondi, pamene za PAL, za ku Ulaya ndi mayiko ena ambiri, zinkasintha ka 50. Magemu ambiri a nthawi imeneyo ankawerengera liwiro lawo pa kusintha kwa chithunziko, ndipo opanga ambiri sankavutika kuwakonzanso powatumiza ku mayiko a PAL. Sonic the Hedgehog ya mu 1991 ndi chitsanzo chodziwika: pa Mega Drive ya PAL inkayenda pang'onopang'ono ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi, nyimbo zomwe. Ngati munakulira pa TV ya PAL, zimene mukuona tsopano ndi liwiro limene opanga ake ankafuna, ndipo zimene mukukumbukira ndi zochedwa zija. Mu emulator ya Mega Drive muli posankhira dera, ndipo mukasankha PAL kapena Europe, gemu ibwerera pa liwiro la ubwana wanu. Ine ndingakulimbikitseni kuti muyese kuzolowera ya 60 kwa sabata imodzi musanasinthe.

Zamakonamakonazo zikuchokera ku sikirini. Ojambula a nthawi imeneyo ankadziwa kuti TV yagalasi lotukumuka imasakaniza timadontho toyandikana, ndipo ankadalira zimenezo kuti apange mithunzi ndi mitundu imene makinawo analibe. Mathithi a m'chigawo choyamba cha Sonic anajambulidwa ndi timizere tosinthanasinthana kuti pa TV yakale aoneke ngati madzi oonekera, koma sikirini yamakono imaonetsa kamzere kalikonse pakokha. Mu RetroArch, pulogalamu yoyendetsa ma emulator imene ili m'timakina tambiri totere, muli zosefera zithunzi zotchedwa shader ndi overlay zimene zimabwezeretsa timizere ta TV yakale ndi kufewetsa m'mbali mwa zithunzi. Sankhani zopepuka, chifukwa zolemera zimachedwetsa gemu pa purosesa yaing'ono, ndipo mukwezeko kuwala kwa sikirini, popeza timizereto timadetsa chithunzi pang'ono.